Ndege ya ku Francistown ndi Kulemera kwa Imfa

Olemba mbiri ya maulendo a pandege ali ndi chizolowezi chondandalika zochitika za chaka chilichonse, mwezi ndi mwezi, monga momwe mlembi wa mpingo amalembera obatizidwa ndi omwalira. Tikatsegula kaundula wa chaka cha 1974 timapezamo zonyaditsa ndi zomvetsa chisoni zitasakanikirana. M'mwezi wa Malichi adatsegula bwalo la ndege la Charles de Gaulle ku Paris. M'mwezi wa Meyi ndege ya Airbus A300, chisamba cha kampani imene lero ikulimbana ndi Boeing, idayamba kunyamula anthu m'manja mwa Air France. Pa 1 Sepitembala ndege ya asilikali a ku America ya SR-71 idachoka ku New York n'kukafika ku London maola awiri asadakwane. Pa 3 Malichi ndege ya DC-10 ya Turkish Airlines idagwa m'nkhalango ya Ermenonville, kufupi ndi Paris, n'kupha anthu onse 346 amene adakweramo, ndipo kufikira tsikulo dziko lidali lisadaonepo ngozi ya ndege yopha anthu ochuluka chotero.

M'kaundula yemweyo muli mzere wina waufupi umene maso ambiri amangoudumpha. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya DC-4 ya bungwe la Wenela idanyamuka pa bwalo la Francistown ku Botswana, ulendo wa ku Blantyre. Itangokwera pang'ono injini zake zidayamba kufooka, ndipo idagwa n'kuyaka moto isadapite patali. Mwa anthu 84 amene adali m'ndegemo, 78 adafa. Pafupifupi onsewo adali Amalawi ochokera kumigodi ya ku South Africa, amene adali atatsiriza kontalakiti ndipo ankabwerera kumudzi. Ofufuza adapeza kuti vuto lidali m'mafuta. Injini za DC-4 ndi za mapisitoni ndipo zimamwa petulo wapadera wa ndege, koma m'petulomo mudali mutalowa mafuta a ndege za jeti, amene amafanana ndi palafini. Mafuta otere akalowa m'injini ya mapisitoni amaphulika mosalongosoka, injini n'kutentha mopyola muyeso mpaka kutha mphamvu. Kunena kwina, ngoziyi idayambira pansi, m'manja mwa anthu, ndege isadanyamuke n'komwe.

Nkhani imeneyi ine sindidaimve m'kalasi. Ndidaimva ku Mufakose, mumzinda wa Harare, kumene ndidakulira ngati mwana wa machona. Mufakose idamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kuti muzikhala antchito achikuda a mzinda wa Salisbury pamodzi ndi mabanja awo, ndipo pakati pawo padali ambiri ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Anansi athu Achishona ankatitcha manyasarande kapena mabhurandaya, dzina lochokera ku mawu oti Blantyre. Kumeneko kudali mkulu wina wa ku Dedza amene ana tonse tinkawatcha agogo ngakhale padalibe chibale, ndipo iwowa ndiwo ankasunga buku la bungwe lathu la maliro. Agogowa adataya anthu awiri chifukwa cha ku Joni. Mwana wa mlongo wawo adali m'ndege ya ku Francistown ija. Mng'ono wawo adabwerako wamoyo, ndi njinga ndi wailesi, koma patapita zaka adayamba chifuwa chosamva mankhwala, kupuma mobanika, mpaka adatsirizika pamphasa kumudzi. Tsiku lina, tikuchokera kumanda ku Warren Hills, agogowo adandiuza kuti: "Onse awiriwa adadyedwa ndi mgodi, mdzukulu wanga, koma boma lidalira mmodzi."

Mawu amenewa ndiwo gwero la nkhani ino. Funso lake n'losavuta kufunsa koma lovuta kuyankha. Kodi imfa ya anthu ambiri ofera pamodzi, tsiku limodzi, dziko likuona, imalemera kuposa imfa ya anthu ochuluka chimodzimodzi ofa mmodzimmodzi kuseri kwa nyumba? Ngati siilemera kuposa inzakeyo, n'chifukwa chiyani maboma, manyuzipepala ndi ife tomwe timachita ngati imalemera? Ndipo mtsogoleri akachitapo kanthu chifukwa cha imfa yooneka, n'kukhala chete pa yosaoneka, timuyamike kapena timudzudzule?

Tiyambe ndi kumvetsera amene anganene kuti ngozi ya ndege ili ndi kulemera kwakekwake, pakuti maganizo awo si opanda nzeru. Choyamba, iwo angati pa ngozi yotere pamakhala wolakwa wodziwika: wina adasakaniza mafuta, wina sadawayeze, ndipo kumene kuli wolakwa kuyenera kukhala mlandu. Chachiwiri, imfa yogwa kamodzi imaswa midzi yambiri tsiku limodzi, osapatsa anthu mpata wodwazika, wotsanzikana, kapena woona nkhope ya malemu. Kwa ife amene mwambo wa maliro ndi gawo la umunthu, kusowa mpata umenewu ndi bala lachiwiri. Chachitatu, anthuwa adali atakwaniritsa mbali yawo ya pangano. Adali atakumba, atapirira kutentha kwa pansi pa nthaka, atakwera sitima kuchokera ku Johannesburg mpaka ku Francistown. Chidatsala chidali chakuti wowalemba ntchito awafikitse kwawo. Amene wakwera ndege wapereka moyo wake wonse m'manja mwa wina, sangatsike panjira ngati momwe angachitire pa ngolo, choncho kulephera kwa womunyamula ndi kuphwanya chikhulupiriro kwakukulu.

Mfundo zitatuzi n'zoona, koma tikaziyang'anitsitsa tipeza kuti zonse zikukhudzanso mng'ono wa agogo uja. Pa nthenda ya fumbi la m'migodi wolakwa adalipo, ndipo ankadziwika. Zoti fumbi la miyala ya golide limaumitsa mapapo ndi kutsegulira khomo chifuwa chachikulu zidadziwika kale, moti pofika zaka za m'ma 1910 dziko la South Africa lidali ndi malamulo olipira chipepeso odwala nthendayi. Amene ankapindula kwenikweni ndi malamulowo adali azungu. Wantchito wachikuda wochokera kunja akayamba kudwala ankangotumizidwa kwawo, kumene kudalibe makina ounikira m'chifuwa, ndipo imfa yake inkalembedwa ngati imfa ya kumudzi, kapena osalembedwa n'komwe. Midzi nayo inkasweka, kungoti pang'onopang'ono ngati chipupa chodyedwa ndi chiswe. Ndipo pangano lidaphwanyidwanso, pakuti munthu adagulitsa mphamvu za miyezi yowerengeka, koma adamulanda mpweya wa zaka zake zonse. Kuwonjezera apo, ngozi za pansi pa mgodi zokha, monga kugumuka kwa miyala, zinkapha anthu mazanamazana chaka chilichonse. Ndege ya ku Francistown idapha pa tsiku limodzi anthu ochepa kuyerekeza ndi amene migodi inkapha pa chaka osachititsa boma lililonse kutukula chala.

Kotero kusiyana kwa imfa ziwirizi sikuli mwa akufawo ayi. Kuli m'maso mwa oonerera. Moto ndi utsi zimakopa maso, chifuwa cha usiku chimamveka kwa mkazi ndi ana okha. Katswiri wa filosofi Judith Butler, m'zolemba zake za m'ma 2000, adasonyeza kuti mtundu uliwonse umasankha miyoyo imene ikatayika iyenera kuliridwa poyera, ndi ina imene imangozimirira. Chaka cha 1974 chikutionetsa kuti sikelo yosankhirayi ili ndi magawo awiri. Gawo loyamba likuoneka tikayerekeza Ermenonville ndi Francistown. Nako ku Ermenonville kudali kunyalanyaza: chitseko cha katundu cha DC-10 chidali ndi chilema chimene chidaonekera kale mu 1972, pamene chitseko chotere chidathothoka pa ndege ya American Airlines pamwamba pa Windsor ku Canada. Koma pa ngozi ya ku France padatsatira milandu yaikulu m'makhoti a ku America, mabuku adalembedwa, ndipo ndegezo zidakonzedwa mokakamiza. Anthu a ku Francistown adalandira mzere umodzi m'kaundula. Gawo lachiwiri lili pakati pa amphawi okhaokha: wogwa kuchokera kumwamba adawerengedwa, wofa ndi fumbi sadawerengedwe. Agogo aja ankanena za gawo lachiwirili, limene ife ophunzira timaliiwala kawirikawiri pamene tikudandaula za loyamba.

Tsopano tifike pa zimene boma lidachita. Ngoziyi itangochitika, Dr Hastings Kamuzu Banda adaletsa Wenela kulemba anthu ntchito m'Malawi, ndipo amene adali kumigodi adayamba kubwerera makontalakiti awo akamatha. Sichidali chinthu chaching'ono. Pa nthawiyo Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya South Africa, ndipo mwa antchito achikuda anayi alionse, kuposa mmodzi adali wa ku Malawi. Pamaso pa dziko, uyu adali tate wokwiya chifukwa cha imfa ya ana ake. Koma akatswiri a mbiri ndi chuma, monga Robert Christiansen ndi Jonathan Kydd, komanso Wiseman Chijere Chirwa, adaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Zaka zomwezo minda ikuluikulu ya fodya inkakula mofulumira m'Malawi, fodya wa ku Rhodesia atatsekeredwa misika chifukwa cha zilango zotsatira kudzilamulira kwa Ian Smith mu 1965. Minda yambiri idali ya atsogoleri andale ndi makampani ogwirizana ndi mtsogoleri wa dziko mwiniwake, ndipo inkasowa manja. Obwerera ku Joni ambiri adakathera m'minda imeneyi, pa malipiro otsika kwambiri, pa nthawi yomwe malipiro a m'migodi adali atayamba kukwera mtengo wa golide utakwera. Mu 1977 kulemba anthu kudayambiranso, ngakhale pa chiwerengero chochepa, pansi pa dzina latsopano la TEBA, limene kwathu timati Theba, mpaka kudatha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza kachilombo ka HIV.

Apa pali funso lakale la filosofi ya makhalidwe: kodi ntchito yabwino yochitidwa ndi zolinga zosakanikirana ndi yabwinobe? Wotsatira John Stuart Mill angatiuze kuti tiyang'ane zipatso. Mnyamata aliyense amene sadatsikire mumgodi pakati pa 1974 ndi 1977 sadapume fumbi, sadagweredwe ndi mwala, ndipo ena ali moyo lero chifukwa cha chiletsocho. Mfundoyi sitingaikankhire pambali. Wotsatira Immanuel Kant angayankhe kuti tiyang'ane mtima wa wochitayo, ndipo makamaka tione ngati anthu adatengedwa ngati anthu kapena ngati zida. Kuchotsa munthu mumgodi wa mlendo n'kukamuika m'munda wako si kumumasula, ndi kusintha mwini khasu.

Ine ndikuona kuti mwambo wathu wa maliro uli ndi muyeso wolunjika kuposa iwiriyi. Pa siwa sitifunsa za mumtima mwa wolira, pakuti za mumtima amadziwa ndi mwini. N'kutheka ndithu kuti Kamuzu adamva chisoni chenicheni, pakuti iye mwini adagwirapo ntchito pa mgodi ku South Africa ali mnyamata. Sitiwerenganso misozi. Chimene akuluakulu amayang'ana ndi zimene wolirayo achita mtembo utaikidwa: kodi wabweretsa ufa, kodi wabweranso pa tsiku lometa, kodi wafunsa namfedwa chimene akusowa? Paja amati maliro n'kulirana. Pa muyeso umenewu chiletso cha 1974 chikupereka yankho losakwanira. Amuna amene ankati akutetezedwa sadafunsidwe. Adali anthu akuluakulu, odziwa bwino kuopsa kwa mgodi kuposa nduna iliyonse, amene adayeza kuopsako ndi umphawi wa kumudzi, msonkho, fizi ya ana ndi mtengo wa malata. Akadafunsidwa, mwina ena akadasankha kukhala, ena akadapempha ndege zosamalidwa bwino, kuyezedwa mapapo asadabwerere, chipepeso cha odwala, kapena malipiro abwino m'minda ya kwawo komweko. Boma limene lidali ndi mphamvu zogwedeza migodi yonse ya South Africa ndi mawu amodzi lidali ndi mphamvu zofunsanso za fumbi. Kuteteza munthu osamufunsa ndi mmene timatetezera mbuzi, kuitsekera m'khola kuti fisi asaidye, pozindikira kuti tidzaifuna ife eni.

Pali chinthu chinanso chimene chimaoneka bwino munthu ukaima ku Mufakose kusiyana ndi ukaima ku Blantyre. Amalawi atachoka, migodi siidatsekedwe. Bungwe la eni migodi, Chamber of Mines, lidatembenukira kwina: ku Transkei ndi madera ena a m'South Africa momwemo, ku Lesotho, ndiponso ku Rhodesia. Kuyambira mu 1975 Wenela idayamba kulemba anthu ambiri ku Rhodesia, ndipo anyamata zikwizikwi osowa ntchito, kuphatikizapo a m'makomboni a Salisbury, adapita kukalowa m'malo amene Amalawi adasiya, mpaka boma la Zimbabwe lidathetsa dongosololi mu 1981. Fumbi limene mwana wa ku Dedza adalipewa adalipuma ndi mwana wa ku Highfield, wa ku Mbare, wa ku Mufakose. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo apa mawalo lidafika chaka chimodzi chisadathe bwino.

Wina angafunse kuti: kodi n'kulakwa kupulumutsa mwana wako ngati fisi akagwire wa mnansi? Sikulakwa, ndipo palibe angadzudzule kholo lothamangira mwana wake poyamba. Koma kholo lotero lisanene kuti lapha fisi. Boma lili ndi udindo wapadera pa nzika zake, komabe chilungamo chothera pamalire a dziko n'choperewera pamene choipacho sichidziwa malire. Migodi inkaona dera lonse la kumwera kwa Africa ngati dziwe limodzi lotungamo antchito, pamene maboma ankalira aliyense maliro ake. Ife ana a machona tikudziwa mtengo wa maganizo otere. Lamulo la unzika la Zimbabwe litasinthidwa mu 2001, ambiri obadwira ku Mufakose konko adapezeka akutchedwa alendo chifukwa cha kumene makolo awo adachokera, pamene ku Malawi nakonso sankadziwika. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo adabweza unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'dziko la SADC. Munthu amene boma lililonse likuti si wake, akafa alira ndani? Si zodabwitsa kuti Amalawi a ku Harare adalimbikira mabungwe a maliro kuyambira kale. Adazindikira msanga kuti kaundula wa boma ali ndi mipata, ndipo adayamba kusunga wawo.

Yankho langa pa funso la agogo ndi ili. Imfa sizisiyana kulemera. Chimasiyana ndi phokoso lake, ndipo phokoso lili ndi ntchito imodzi yokha yabwino, yodzutsa ogona. Palibe cholakwika kuti dziko lidadzidzimuka pa 4 Epulo 1974. Cholakwika n'chakuti litadzuka lidayang'ana ndege yokha, osafunsa kuti anthuwa ankachokera kuti, adanyamula chiyani m'mapapo mwawo, ndipo anzawo amene adafika bwino pa Chileka zidawathera bwanji. Ngozi yooneka ili ngati khomo lolowera m'nyumba ya mavuto osaoneka. Wolira woona amalowa m'nyumbamo, wolira mwamwambo chabe amathera pakhomo.

Zimenezi si za mbiri yakale yokha. Mu 2019 khoti lalikulu ku Johannesburg lidavomereza mgwirizano woti makampani asanu ndi imodzi a migodi ya golide apereke ndalama zokwana R5 biliyoni kwa odwala nthenda ya fumbi ndi chifuwa chachikulu, kapena kwa mabanja a omwalira, ndipo padakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust loyendetsa malipirowo. Mgwirizanowu umakhudza ogwira ntchito kuyambira mu 1965, choncho m'badwo wa ku Francistown uli momwemo. Koma kuti banja lilandire pamafunika umboni wakuti malemu adagwiradi ntchito pa mgodi wakutiwakuti ndiponso kuti adadwala nthendayo. Apa sikelo ija ikubweranso: amene imfa yake siidalembedwe pa nthawi yake ndiye amavutika kuitsimikiza lero. Kusawerengedwa kumabala kusawerengedwa kwina. Kwa ife a m'mayunivesite a m'chigawo chino, ntchito yake ndi yoonekeratu: kufufuza mayina m'mabuku a Wenela, m'mipingo ndi m'mabungwe a maliro, ndi kujambula mawu a okalamba amene atsala, asadapite nawo kumanda.

Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali a Malawi ya Dornier 228 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Dziko lidalira, akatswiri a ku Germany adafufuza, komiti yofufuza idakhazikitsidwa, ndipo zonsezi zidali zoyenera. Chaka chomwecho zidakwana zaka 50 chigwereni ndege ya ku Francistown. Mayina a ku Chikangawa ambiri tingawatchule pamtima. Owerenga adzifunse okha ngati angatchule dzina limodzi mwa anthu 78 aja, ndipo akalephera, aganizire za amene sadakwere n'komwe m'chiwerengero chilichonse.

Buku la agogo aja lidali kope wamba la sukulu, lokutidwa ndi pepala la khaki. Tsamba lililonse lidali ndi mizere inayi: dzina, mudzi, mfumu, ndi ndalama ya chipepeso. Mzere wa chimene chidapha munthu mudalibe. Wogundidwa ndi basi, wodwala chifuwa, wofa ndi ukalamba, onse ankalandira chopereka chofanana, ndipo amayi ankagona pa siwa masiku ofanana. Ndidawafunsapo chifukwa chake sankalemba matenda, monga amachitira a kuchipatala. Adatseka kope lija, n'kundiyankha kuti: "Zimenezo n'za madokotala, mdzukulu wanga. Ife timalemba kuti munthu uja adali wa kwa yani."